Mbale zosauma, thandala la dzimbiri ndi madzi odikha pambali pa sinki: gwero la vuto ndi kakonzedwe kake

Nyamulani thandala la mbale lomwe lili pambali pa sinki yanu, muone pansi pake. M'makhitchini ambiri mupezapo kachithaphwi ka madzi otuwa, oterera ngati therere mukawakhudza, timadontho tofiirira ta dzimbiri pomwe panaponda miyendo, mwinanso mphemvu ziwiri zikuthawira kuseri kwa kabati. Mbale zinatsukidwa bwinobwino ndi sopo usiku, koma m'mawa kapu ikununkha chinyontho ndipo m'bakuli mukadali madzi. Mwana amakalipiridwa kuti sanatsuke bwino, chonsecho cholakwa chili pa malo oumitsirawo.

Mbale imauma pakachitika zinthu ziwiri: madzi apeze kotsikira n'kuchokeratu, ndipo mpweya upeze mpata wodutsa pakati pa mbale ndi inzake. Dzimbiri, nkhungu, fungo, thabwa lofufuma ndi mphemvu, zonsezi zimabwera chimodzi mwa ziwirizi chikasowa. Choncho musanathamangire kukagula thandala lina, yambani mwalondola madziwo muone kumene akuthera.

Madzi akudikha pa drainer

Drainer ndi mbali yamizeremizere ija ya sinki, pomwe timasanjikapo ziwiya. Iyenera kupendekera pang'ono cha ku beseni la sinki. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsanipo zonse, pukutani, kenako thirani kapu imodzi ya madzi kumapeto kwenikweni, kutali ndi beseni. Pakatha mphindi imodzi, madziwo akhale atatsikira mu sinki, kungotsala chinyezi. Akaima pakati, kapena akalowera kukhoma kapena kutsogolo komwe mumaima, pali vuto.

Kawirikawiri kabati yomwe yanyamula sinkiyo ndi imene yapendekera kolakwika, chifukwa pansi pa nyumba sipanasalazidwe mofanana kapena mwendo umodzi wayamba kuola. Ikani levulo, chida cha amisiri choonera ngati malo apendekera, pamwamba pa kabati, m'litali ndi m'lifupi momwe. Sinki yachitsulo ya ku fakitale imabwera ndi kutsetsereka kwake kale, ndiye kabatiyo ingoyenera kukhala yowongoka. Ngati yatsika mbali ya drainer, lowetsani timatabwa topyapyala tolimba kapena tizidutswa ta matailosi pansi pa miyendo ya mbali imeneyo mpaka levulo inene zoona. Musagwiritse ntchito makatoni opinda. Amanyowa n'kuphwa pasanathe sabata.

Ngati kabati ili bwino koma madzi akuima pakati, ndiye kuti chitsulo chadinda. Masinki otsika mtengo amakhala a chitsulo chopyapyala, cha mamilimita 0.5 kapena 0.6, ndipo mukamaikapo sefuliya yodzaza madzi tsiku ndi tsiku, pakati pamalowa ngati mbale. Tsegulani kabati, kankhani chitsulocho ndi chikhatho kuchokera pansi mpaka chibwerere, ndipo kalipentala akhomepo thabwa lopingasa loti chizitsamirapo. Popanda thabwalo chidzalowanso. Pogula sinki ina, funani ya mamilimita 0.8 kapena kuposa. Mukaidina ndi chala chachikulu pakati pa drainer isalire kuti phwa phwa.

Masinki a simenti, omwe ndi ambiri m'nyumba za lendi ndi kuseri kwa nyumba, vuto lawo ndi la mmisiri amene anawaumba mopanda kutsetsereka. Amakonzeka. Gobani pamwamba ndi chizulo kuti pakhale pokhakhala, tsukani fumbi, nyowetsani, ndipo pakani simenti yosakaniza ndi mchenga wosefa, muyezo umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga. Kutsetsereka kukhale sentimita imodzi pa masentimita 50 aliwonse. Muziwaza madzi kwa masiku 7 musanayambe kuikapo katundu, apo ayi padzang'aluka.

Thileyi ya pansi pa thandala

Mathandala ambiri a m'sitolo amabwera ndi thileyi yolandira madzi. Ilipo ya mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri sazindikira kusiyana kwake mpaka atafika nayo kunyumba. Ina ili ndi kamlomo kotulutsira madzi mu sinki. Ina ndi yotseka mbali zonse. Yotsekayo ndiyo gwero la fungo, chifukwa imasunga madzi osakanikirana ndi sopo ndi timafuta ta ndiwo, ndipo nyengo yotentha ya Okutobala madzi otere amayamba kununkha tsiku limodzi lokha. Ngati ndi imene muli nayo, iyenera kukhuthulidwa ndi kupukutidwa mukangomaliza kutsuka madzulo aliwonse.

Ya kamlomo nayonso imalephera m'njira ziwiri. Mwina kamlomoko sikafika pa beseni, kotero madzi amagwera pamphepete n'kulowa pansi pa sinki. Mwinanso mphepete mwa sinki mwakwera kuposa kamlomoko, madzi n'kumabwerera. Kwezani kumbuyo kwa thileyi ndi kathabwa ka sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo onetsetsani kuti kamlomo kalowa m'beseni masentimita osachepera 2. Ngati thandala lanu likukhala pa drainer yogwira bwino ntchito, thileyi ichotseni ndithu. Ikungotchinga njira ya madzi.

Dzimbiri

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira, chifukwa chilichonse chonyezimira pa shelefu chimatchedwa stainless steel, kutanthauza chitsulo chosachita dzimbiri.

Mathandala otsika mtengo kwambiri ndi waya wamba wokutidwa ndi chromium kapena pulasitiki yoyera. Chokutiracho chikangokalika ndi mpeni kapena m'mphepete mwa poto, madzi amalowa, dzimbiri limayenda kunsi kwake, ndipo mudzaona pulasitiki ikutupa ngati chithuza kenako n'kusweka. Limayambira powotcherera ndi kunsonga za waya. Yang'anani malo amenewo poyamba, pogula ndi pokonza pomwe.

Chitsulo chosachita dzimbiri chilinso ndi magulu. Cha nambala 304, chomwe chimalembedwanso kuti 18/8, chili ndi chromium pafupifupi magawo 18 pa 100 ndi nickel magawo 8, ndipo n'chimene chimapirira chinyontho cha tsiku ndi tsiku. Cha 430 chilibe nickel, cha 201 chili ndi nickel wochepa; zonse ziwiri zimachita timadontho ta dzimbiri msanga zikamakhala m'madzi, makamaka amchere. Anthu amakonda kuyesa ndi maginito, ndipo kuyesako kumathandiza koma sikunena zonse. Maginito akamata mwamphamvu, ndi waya wamba wokutidwa kapena 430. Akapanda kumata, chikhoza kukhala 304, komanso chikhoza kukhala 201, pakuti nachonso sichikoka maginito. Komanso 304 weniweni amatha kukoka pang'ono pamalo popindidwa. Choncho funani nambala yodindidwa pa chitsulo kapena pa katoni, ndipo nyamulani thandalalo mumve kulemera kwake. Waya woti mukhoza kumupinda ndi zala ziwiri sangakhalitse.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa ambiri: sinki yabwino ya 304 kuoneka ya dzimbiri. Kawirikawiri dzimbirilo si la sinkiyo. Waya wotsukira miphika uja amasiya tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo ndi timeneto timachita dzimbiri. Chimodzimodzi chitini cha nsomba kapena chiwaya chosiyidwa chonyowa pa drainer usiku wonse chimasiya mkombero wofiira. Sakanizani soda wophikira ndi madzi pang'ono akhale ngati phala lolimba, pakani, dikirani mphindi 15, kenako khulani ndi siponji motsata mizere ya chitsulocho, osati mopingasa. Tsukuluzani n'kupukuta. Waya wotsukira miphikayo musamusiyenso pa sinki. Mupezereni kachitini kake kobooka pansi.

Thandala la waya lomwe langoyamba kumene dzimbiri limapulumuka. Palani malowo ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, pukutani pauma, pakani penti ya enamelo kawiri, ndipo lisiyeni masiku angapo mpaka fungo la penti litatheratu musanaikepo mbale. Kunsonga za waya ndi kumiyendo vekani tizidutswa ta kapaipi kofewa ka pulasitiki. Koma ngati dzimbiri ladya powotcherera mpaka waya akugwedera, litayeni. Tsiku lina lidzagwetsa mbale zonse pamodzi.

Zoyerayera pa matambula ndi pa thileyi

Ngati matambula akuuma ndi timawanga toyera, ndipo thileyi yachita chikhakha chotuwa chosachoka ndi sopo, ndi mchere wa m'madzi womwe umatsalira madziwo akauma. Zimachitika kwambiri ndi madzi a pamjigo ndi a pachitsime, ndipo m'madera ngati Chikwawa ndi Nsanje mijigo ina madzi ake amamveka mchere ndi pakamwa pomwe. Sopo sachotsa zimenezi. Chofunika ndi chinthu chowawasa. Sakanizani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana, nyikani kwa mphindi 20 mpaka 30, khulani ndi mswachi wakale, tsukuluzani. Madzi a mandimu amagwiranso ntchito. Viniga musamusiye pa sinki ya simenti chifukwa amadya simentiyo, ndipo ziwiya za aluminiyamu musazinyike nthawi yaitali. Kumene madzi ali otere, thandala la pulasitiki yolimba limakhalitsa kuposa la waya wokutidwa.

Nkhungu, kuterera ndi mphemvu

Timadontho takuda m'makona a thileyi ndi pansi pa kachikho ka masipuni ndi nkhungu, ndipo kuterera kuja ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe tamanga pa mafuta ndi sopo wotsalira. Mphemvu zimabwera chifukwa chofuna madzi usiku; khitchini ikhoza kukhala yosesedwa bwino, koma thileyi yonyowa ndi chitsime chawo.

Kamodzi pa sabata phwasulani thandala lonse. Tsukani ndi sopo ndi madzi otentha poyamba, chifukwa mankhwala sagwira bwino pa mafuta. Kenako nyikani kwa mphindi 10 m'madzi a Jik: masipuni aakulu 2, omwe ndi mamililita 30, m'malita 5 a madzi, ngati botolo lalembedwa 3.5%. Pomwe nkhungu yakhazikika pa pulasitiki, masipuni 2 omwewo muthire m'lita imodzi. Tsukuluzani bwino, makamaka zachitsulo, pakuti klorini wa mu Jik akatsalira amaboola timaenje ngakhale pa 304. Yanikani padzuwa.

Chenjezo ili ndi lalikulu: Jik ndi viniga zisakumane, kaya m'beseni kaya pa nsalu imodzi. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa klorini womwe umawotcha maso ndi mapapo. Ngati mukufuna kuchotsa mchere ndi nkhungu zonse, chitani masiku osiyana.

Kachikho ka masipuni kaoneni pansi. Kambiri kali ndi timabowo tiwiri tokha tomwe timatsekeka ndi njere ya mpunga. Onjezani mabowo 5 kapena 6 a mamilimita 5 pogwiritsa ntchito msomali wotentha. Mipeni iziyang'anitsa nsonga pansi chifukwa cha ana. Mthiko ndi chipande zisaimikidwe m'kachikhoka, mutu wake umada ndi kuyamba kuola; zibooleni kumchira muzizikoloweka pa msomali.

Thandala lili bwino koma mbale sizikuuma

Apa cholakwika ndi kasanjidwe. Mbale ziwiri zikagundana, madzi amagwidwa pakati ndipo akhoza kukhalapo mpaka mawa. Mathandala ambiri a m'sitolo anapangidwira mbale zaphwatalala, mipata yake ndi ya masentimita 2 kapena kuchepera, pomwe pakhomo pathu pali mbale zakuya za ndiwo, mabakuli, zivundikiro ndi mapoto. Mbale yakuya ipatseni mipata iwiri. Mabakuli ndi mapoto asavundikiridwe chafufumimba pa malo osalala, chifukwa nthunzi imatsekeredwa m'kati. Atsamizeni mopendekera kuti mpweya ulowe kunsi. Makapu ambiri ali ndi kadzenje kutako komwe kamasunga madzi mukawazondotsa, ndiye nawonso apendeketseni.

Kutsukuluza komaliza ndi madzi otentha kumafulumizitsa kwambiri, pakuti mbale yofunda imaumitsa yokha madzi ake. Zapulasitiki zimachedwa chifukwa sizisunga kutentha ndipo madzi amaundana timadontho m'malo moyenderera. Zikutumuleni kawiri katatu musanazisanje, ndipo ziikeni pamwamba. Nyengo ya chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, kapena mkati mwa dzinja, mpweya umakhala wodzaza kale ndi chinyezi, ndiye tsegulani zenera kapena chitseko kuti kamphepo kazidutsa.

Kupukuta ndi nsalu kumaoneka kwachangu, koma nsalu imodzi ija yopukutira manja, tebulo ndi mbale imabwezera pa mbale zonse zomwe munatsuka. Kuumitsa ndi mpweya ndiko kwaukhondo. Ngati alendo ali pakhomo ndipo simungadikire, tengani nsalu yochapa, youma, yosungidwira mbale zokha.

Thabwa la kabati lafufuma

Matabwa a chipboard ndi utuchi womatidwa ndi guluu. Madzi akalowa m'mphepete momwe anachekamo poika sinki, amatupa ndipo sabwereranso. Yendetsani chala pamzere womwe sinki yakumana ndi thabwa, komanso pomwe thabwa lakumana ndi khoma. Silikoni, guluu wofewa womatira mizereyi kuti madzi asalowe, akakhala wakuda, wosweka kapena womatuka, mupaleni yense ndi lezala, siyani pouma tsiku lathunthu, pakani watsopano wolembedwa kuti ndi wa kukhitchini kapena kubafa, ndipo pasafike madzi kwa maola 24. Kupaka watsopano pamwamba pa wakale n'kutaya ndalama chifukwa samamatirana. Nsalu kapena kamphasa koyala pansi pa thandala kakhoza kuthandiza pa makapu ochepa, koma kakasiyidwa konyowa pa thabwa kamaononga kuposa madzi enieniwo.

Thandala la panja

Kumudzi ndi m'makomo ambiri a m'tauni, thandala lenileni ndi la mitengo, panja. Alangizi a zaumoyo akamayendera makomo amaliwerengera pamodzi ndi chimbudzi, bafa, dzenje la zinyalala ndi mpondagiya, ndipo mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, unakumbutsa aliyense kuti mbale yoikidwa pansi pomwe nkhuku ndi agalu akuyenda si yotsuka. Thandala lomangidwa bwino limaposa la m'sitolo, chifukwa dzuwa ndi mphepo zimagwira ntchito yonse. Mavuto ake ndi odziwika.

Loyamba ndi kufupika. Pamwamba pake pakhale mita imodzi mpaka mita ndi masentimita 20 kuchokera pansi, poti galu ndi mbuzi asafikire, koma wotsuka afikire osanyanyamphira. M'lifupi musapitirire masentimita 70, kuti mkono uzifika kumbuyo. Likhale kutali ndi chimbudzi, khola ndi dzala, ndipo lisakhale pansi pa mtengo womwe nkhuku zimagonamo.

Lachiwiri ndi matope kunsi kwake. Madzi otsikawo akapanda kolowera amapanga chithaphwi chomwe chimaitana abakha, ntchentche ndi udzudzu. Kumbani dzenje lofanana kukula ndi thandalalo, lakuya masentimita 40 mpaka 50, ikani miyala ikuluikulu kapena zibenthu za njerwa pansi, timiyala ting'onoting'ono pamwamba. Pa dothi la makande, lomwe silimwa madzi msanga, onjezani kangalande kopita ku nthochi.

Lachitatu ndi chiswe ndi kuola. Mizati ilowe pansi masentimita 40, ndipo mbali yokwiriridwayo iwauleni pamoto mpaka kunja kuchite makala. Oyilo wakutha wa galimoto, yemwe ena amapaka pa mitengo, asayandikire pamalo pokhala ziwiya zodyera. Amene angathe amange tizipilala ta njerwa zootcha m'malo mwa mizati. Pamwamba pokha ndi pomwe azisintha.

Pamwambapo nsungwi ndiyo yabwino, koma ikhale yokhwima, ya zaka 3 kapena 4, yodulidwa m'chilimwe. Nsungwi yanthete ili ndi chakudya chambiri m'kati, ndipo mudzaona ufa wachikasu ukugwera pa mbale ikayamba kufumbwa ndi tizilombo. Kuinyika m'madzi masabata 3 kapena 4 musanaigwiritse ntchito kumachepetsa vutoli. Mukaing'amba, msana wake uyang'ane kumwamba. Mukaigoneka chagada, chibenthu chilichonse chimasanduka kamgwero kosunga madzi. Siyani mpata wa chala chimodzi pakati pa zibenthu, ndipo mangani ndi linya kapena waya, chifukwa msomali umang'amba nsungwi pokhapokha mutayamba mwaboola. Lata lathyathyathya pamwamba pa thandala silithandiza: mpweya sudutsa kunsi ndipo limachita dzimbiri.

Fumbi la Seputembala ndi Okutobala lilibe mankhwala ena koma kuchotsa mbale zikangouma, zomwe padzuwa zimatenga mphindi zosakwana 30, n'kuzisunga m'beseni lovundikira. Neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala isagwiritsidwe ntchito kuphimbira mbale.

Pokagula kapena pokapangitsa

Tengani tepi muyeze zinthu zitatu musanachoke pakhomo: m'litali ndi m'lifupi mwa drainer, mpata wochokera pa drainer kufika kunsi kwa kabati ya pakhoma kapena pa zenera, ndi mbale yanu yaikulu kwambiri. Mbale yodyera wamba ndi ya masentimita 25 mpaka 27, ndipo thandala la nsanjika ziwiri limafuna kuti mbaleyo ikaima pamwamba, patsale mpata woitulutsira. Miyendo yonse inayi iponde pa drainer. Umodzi ukakhala pa thabwa, madzi adzatsata mwendowo. Thandala likweze mbale masentimita osachepera 2 kuchoka pomwe madzi akuyenda.

Werengani ziwiya za chakudya chimodzi, osati za m'kabati monse. Banja la anthu 6 limatulutsa mbale zoposa 12 pa nsima imodzi, kuphatikizapo mapoto awiri kapena atatu ndi makapu, ndiye kathandala ka mipata 10 sikangakwane ndipo anthu adzayamba kusanjikiza. Pamenepo ndi bwino mbale ndi makapu zikhale m'nyumba, mapoto apite pa thandala la panja.

Ngati mukuika sinki yatsopano, sankhani mbali ya drainer moganizira kuti zakuda zizichokera mbali imodzi, zoyera zizithera mbali inayo, kutali ndi chitofu chifukwa utsi wa mafuta umamata pa mbale zonyowa, komanso kutali ndi soketi ya magetsi. Masinki ena amatembenuzika, ena bowo la mpopi linabooledwa kale mbali imodzi, choncho funsani musanalipire.

Thandala lokoloweka pakhoma limapulumutsa malo, koma mbale zadothi 20 zimapitirira makilogalamu 10. Boolani pa njerwa yeniyeni, osati pamzere wa matope omangira, ndipo gwiritsani ntchito mapulagi a m'khoma ogwira masikuluwu, a mamilimita 8, ndi masikuluwu a mamilimita 60. Khoma la zidina silingagwire katundu wotere. Likhale pamwamba penipeni pa sinki kapena drainer kuti madontho azigwera pomwe pali njira yawo.

Mukapita kwa wowotcherera zitsulo kuti akupangireni lanu, muuzeni asiye mipata ya masentimita 3 ya mbale wamba ndi ina ya masentimita 5 ya mbale zakuya, asalaze powotcherera ponse ndi galainda kuti pasakhale timaenje tosunga madzi, ndipo atseke kumapeto kwa mapaipi a miyendo. Paipi yosatseka imamwa madzi n'kuyamba dzimbiri kuchokera m'kati, ndipo mudzangoona madzi ofiira akutuluka kunsi kwa mwendo penti ya kunja ikadali yatsopano.